Mabokosi a mbalame za swift pakhoma lathu, patatha zilimwe ziwiri

Ngati mukuganiza zogula bokosi la mbalame za swift n'kungolipachika pakhoma basi, ndalamazo kaguleni ndiwo. Bokosi palokha silikoka mbalamezi. Ndikunena izi nditakhala ndi mabokosi awiri kwa zilimwe ziwiri panyumba imene timachita lendi m'kamudzi kena kufupi ndi Ely, ku Cambridgeshire. Ndinawapachika mu Malichi chaka chatha. Lina ndi la thabwa la plywood, lina ndi lolemera, la simenti yosakaniza ndi utuchi. Pansi pa lathabwalo ndinamangirira kaspika kolira mawu a mbalamezi.

Kwa amene simuzidziwa, ndi mbalame zoderako zangati anamzeze, koma mapiko ake ndi aatali, opindika ngati chikwakwa. Sizitera pamtengo kapena pawaya. Kudya, kumwa, ngakhale kugona zimachitira m'mwamba momwemo, ndipo mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anapeza kuti zimatha miyezi 10 zikuuluka osatera. Kuno ku England zimafika kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, pofika Ogasiti zapita. Kale zinkaswera m'ming'alu ya pansi pa madenga a nyumba zakale ndi matchalitchi, koma anthu akamakonza nyumba amatseka ming'alu yonse. Chiwerengero chake chatsika kuposa theka kuchokera mu 1995, ndipo mu 2021 zinaikidwa pamndandanda wofiira wa mbalame zimene zili pangozi m'dziko muno.

Pa kapachikidwe sipofunika kutalikitsa nkhani: mamita 5 kuchokera pansi, m'munsi mwenimweni mwa denga, khoma loyang'ana kumpoto kapena kum'mawa, kutsogolo kopanda mtengo kapena waya chifukwa zimatuluka mochita kudziponya. Khomo likhale mamilimita pafupifupi 28 ndi 65 kuti mbalame zokulirapo zisalowe. Mwini nyumba mumupemphe kaye. Wathu anavomera koma ndi nkhope yakugwa ataona kukula kwa mabowo amene bokosi la simenti linkafuna.

Chilimwe choyamba mpheta ndi zimene zinasangalala. Zinadzaza udzu m'bokosi la simenti Epulo asanathe, ndipo lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe sililola kuchotsa chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito. Ndinazisiya. Kaspika kankalira m'mawa ndi madzulo, Meyi yense osaona kanthu. Kumapeto kwa Juni ndi pamene kunabwera kagulu, kukuwa kuti swiii, kuzungulira nyumba mwaliwiro moti mutu unkachita kuzungulira nawo. Ina inkagunda khomo la bokosi ndi mapiko, kukakamira kamphindi, n'kuchokanso. Zimenezi ndi zazing'ono zimene sizinayambe kuswa, zofunafuna malo oti zidzagwiritse ntchito chaka chinacho. Zimagunda kuti zimve ngati muli eni ake. Pakati pa Julayi ziwiri zinalowa m'bokosi la thabwa n'kumagonamo. Mazira ayi. Nditakwera makwerero mu Seputembala ndinapeza tinthenga ndi timaudzu tomatidwa ndi malovu, zonse zotola m'mwamba.

Chaka chino zinabwera mu Meyi, osazungulira n'komwe, molunjika kukhomo. Zimafungatira mazira pafupifupi masabata atatu, ndipo ana amakhala m'chisa masabata 6 kapena kuposerapo kutengera nyengo. Mu Julayi ndinayamba kuona tinkhope tiwiri toyera tikusuzumira pakhomo. Mwana wa swift akatuluka watuluka, sabwereranso, ndipo makolo samudyetsanso. Mayi a kunyumba kuno ankada nkhawa ndi zitosi pakhonde, koma pansi pa bokosilo panalibe zoti n'kusesa.

Tsono mabokosiwo aoneka bwanji? La simenti lili monga ndinaligulira, ndipo mkati simutentha msanga. Vuto ndi kulemera kwake, munthu mmodzi pamakwerero sangalikwanitse. La thabwa ndi lopepuka komanso lotchipa, koma penti yakundika, denga lake layamba kupindika, zomangira zachita dzimbiri. Kutentha ndiko kumandidetsa nkhawa kwambiri. Mu Julayi 2022 dziko lino linafika madigiri 40, ndipo kukatentha chonchi ana a mbalamezi amagwa m'zisa pothawa chifundizi asanakhwime mapiko. Lathu lili pamthunzi, koma ndalipakabe penti yoyera kunja. Chondiseketsa n'chakuti mbalame zinasiya bokosi lodulalo n'kusankha lowonongeka msangali. Sizinaone ubwino wa thabwa, zinatsata pamene pankachokera mawu.

Kaspikako ndiye kofunika kuposa zonse, koma n'kamenenso kandivutitsa. Magetsi akangothima pang'ono, kawotchi kake kamasokonekera n'kuyamba kulira usiku pakati. Agogo ena oyandikana nafe anabwera kudzagogoda, mwaulemu wa Angerezi uja wodandaula akumwetulira. Ndinachepetsa mawu, ndipo zinapezeka kuti mbalame sizifuna phokoso lalikulu, bola mawuwo azimveka ngati akuchokera m'bokosi. Pano agogowo ndi amene amandiuza nthawi imene zalowa ndikakhala kuntchito.

Achimwene anga ku Dedza anandifunsa ngati ndingawatumizire bokosi lotere. Ndinawakaniza, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Mbalamezi kwathu zimafikako ndithu. A BTO, bungwe la kuno lofufuza za mbalame, anamangirira tizipangizo tolondolera ulendo pa zina za kuno, ndipo anapeza kuti zimapita ku Congo, kenako zina zimatsikira ku Malawi ndi ku Mozambique m'nyengo ya dzinja. Zimatsata mvula ndi ngumbi. Ndiye kuti m'magulu aja timawaona akuzungulira pamwamba pa chulu mvula ikangokata mu Disembala, mwina muli zina zobadwira m'madenga a kuno. Koma kwathuko siziswa, sizitera n'komwe, choncho bokosi lingangokhala nyumba ya mavu. Zimene zimamanga zisa kwathu ndi zamtundu wina, zazing'onopo, zoyera pamwamba pa mchira, zija zimaunjikana pansi pa milatho ndi m'makona a nyumba zazitali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Izo malo zimadzipezera zokha.

Kwa anzanga okhala m'midzi ya kuno, yambani mwaona ngati mbalamezi zimauluka motsika m'dera lanu madzulo a mu Juni. Pa Swift Mapper, mapu a pa intaneti a bungwe loteteza mbalame la RSPB, mutha kuona pamene ena apeza zisa pafupi nanu. Ngati zilipo, gulani kaspika ndi bokosi nthawi imodzi, ndipo chaka choyamba musayembekezere ana. Ndikanati ndiyambirenso, ndikanagula a simenti okhaokha n'kuitana mnzanga wogwira makwerero. Malichi akubwerayu ndisamutsira kaspika pansi pa bokosi la simenti, nditseke khomo lake mpaka kumapeto kwa Epulo kuti mpheta zisayambe ndi izo, ndipo mwini nyumba akalola ndiwonjezera lachitatu pambali pake, popeza mbalamezi zimakonda kuswera moyandikana.