Chrome, Firefox, Edge ndi Opera Mini pa nkhani ya PDF: ndi iti ingakuthandizeni kuno ku Mangochi

Mapepala ofunika ambiri masiku ano akubwera ngati PDF, mtundu wa fayilo ya zolemba yowerengera pa foni kapena kompyuta: mndandanda wa ana amene akhoza mayeso a MANEB, mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma omwe NCHE imatulutsa, mafomu ofunsira ntchito, sitetimenti ya ku banki, tikiti ya basi ya ku Joni. Kuno ambiri amatsitsa mapepalawa pa foni ya itel kapena Tecno, bandulo ili yochepa, netiweki ikubwera n'kumachoka, kenako munthu n'kuyenda ulendo kuchokera ku Namwera, Malindi kapena Makanjira kudzapulinta pa boma. Kufika pa kauntala ya shopu n'kupeza kuti fayiloyo sikutseguka ndi ndalama ya thiransipoti yotayika. Choncho ma browser anayiwa, omwe ndi mapulogalamu otsegulira masamba a intaneti, tikuwayeza makamaka pa zinthu ziwiri: kodi imatsitsa fayilo yonse yathunthu, nanga imakuonetsani pomwe yaiika?

Kuona PDF pa sikirini sikutanthauza kuti muli nayo mu foni. Mukadina linki, seva, kompyuta yomwe imasunga tsambalo, imatumiza fayilo pamodzi ndi kalangizo komwe inu simukaona. Kalangizoko kakanena kuti attachment, browser imaika fayiloyo mu foda ya Download mosafunsa zambiri. Kakapanda kutero, browser yomwe ili ndi chowerengera chakechake imangoitsegula mu tabu, ndipo mukatseka tabuyo mutha kuifunafuna osaipeza. N'chifukwa chake linki ziwiri pa foni imodzi zimachita zosiyana, munthu n'kumaganiza kuti foni yayamba matenda. Mukaona pepala lanu pa sikirini, dinani kamuvi koloza pansi, kenako tsegulani pulogalamu ya Files kapena File Manager, mulowe mu Download ndi kuliona ndi maso anu. Kuti mutsimikize, thimitsani data n'kulitsegulanso. Likatseguka mpaka tsamba lomaliza, ndiye kuti ndi lanu.

Pa foni, Chrome ndiyo yodalirika pa kutsitsa. Netiweki ikaduka imaimitsa kaye, ndipo ikabwerera imapitiriza pomwe inalekezera, bola seva ya tsambalo ikhale yolola kutumiza fayilo m'zigawo. Ma seva ena salola zimenezi, ndiye pamenepo kutsitsa kumayambiranso pa ziro, ndipo palibe browser yomwe ingasinthe zimenezo. Pofooka pa Chrome ndi pa kutsegula. Pa mafoni ambiri a Android yakale, Chrome siiwerenga yokha PDF. Imangotsitsa n'kupereka fayiloyo kwa pulogalamu ina, kawirikawiri chowerengera chomwe chimabwera ndi Google Drive. Tsono anthu ambiri amathimitsa Drive pofuna malo a zithunzi ndi nyimbo, ndiye akadina Open foni imangoti "Can't open file". Fayilo ilibe vuto apa. Pitani ku Settings ya foni, mulowe mu Apps, mupeze Drive n'kudina Enable, kapena ikani Adobe Acrobat Reader ngati malo alipo. Chinanso: musamadine linki kambirimbiri poona ngati sizikuyenda. Chrome ikafunsa kuti "Download file again?" inu n'kuvomera, mudzapeza mafayilo atatu a dzina limodzi osiyana kanambala ka kumapeto, ndipo iliyonse yadya data yakeyake. Dinani timadontho titatu ta pamwamba, mulowe mu Downloads, muone ngati yoyamba ija ikuyenda.

Opera Mini ndi yokondedwa kuno, ndipo n'zomveka, chifukwa imasunga data powerenga nkhani. Imatero podutsitsa masamba ku ma seva a Opera, komwe amafinyidwa asanafike pa foni yanu. Koma PDF ya 4 MB idzadyabe 4 MB, palibe chomwe mwapulumutsa. Choipa kwambiri chimaoneka pa masamba ofuna pasiwedi, monga a banki kapena a sukulu. Chosankha cha Data savings, chosungira data mu Opera Mini, chikakhala pa Extreme, mabatani ena a Download sagwira ntchito, ndipo nthawi zina chomwe chimatsika ndi tsamba lolowera lija, litavala dzina la PDF. Pa mapepala a ndalama ndi a sukulu Opera Mini sitikuivomereza. Ngati ndi yokhayo yomwe muli nayo, ikani Data savings pa Off musanalowe pa tsambalo.

Linki zambiri anthu amazipeza pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo apa pali misampha iwiri. Facebook imatsegula linki mu ka browser kakekake ka m'kati, komwe kamavuta pa kutsitsa mafayilo. Dinani timadontho titatu musankhe kutsegula linkiyo mu browser ya kunja. Wachiwiri ndi bandulo. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siifika pa masamba ena a intaneti, ndiye mauthenga amalowa bwinobwino koma linki ya PDF imangozungulira. Fayilo yomwe wina wakutumizirani ngati Document mu WhatsApp momwemo imatsika ndi bandulo yomweyo, koma siipita ku Download. Pa Android 11 ndi zatsopano imakhala mu Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/WhatsApp Documents.

Firefox ndi imene anthu ochepa ali nayo koma pa PDF ikuposa zinzake m'njira zingapo. Pa kompyuta yakhala ndi chowerengera chakechake, PDF.js, kuyambira 2013, ndipo ya pa Android inayamba kutsegula PDF m'kati mwake mu 2023. Simufunika pulogalamu ina, ndipo batani la Download limaonekera pamwamba pa pepala. Imalemera ikakumana ndi PDF ya masamba ambiri ochita kujambulidwa pa foni ya RAM (memori yogwirira ntchito) ya 1 GB kapena 2 GB: masamba amayamba aoneka oyera, zilembo n'kumabwera mochedwa. Pa foni yotere ndi bwino kutsitsa kaye fayilo n'kuitsegula ndi chowerengera chapadera.

M'mashopu opulintira ndi m'makafe a intaneti nkhani ndi ya Edge ndi Chrome. Pa Windows 10 ndi 11, Edge ndiyo imatsegula PDF ngati palibe amene wasintha, ndipo ntchito imeneyi imaigwira bwino: mutha kulemba mawu pa pepala, kusaina ndi mausi, n'kusunga. Eni shopu amene atopa ndi makasitomala osiya mapepala mu tabu asinthe kuti PDF iliyonse izitsika yokha. Pa Chrome lembani chrome://settings/content/pdfDocuments pomwe mumalemba adiresi ya tsamba, musankhe "Download PDFs". Pa Edge ndi edge://settings/content/pdfDocuments, n'kuyatsa "Always download PDF files". Pa Firefox lowani mu Settings, General, mutsike mpaka pa Applications, mupeze Portable Document Format n'kusankha Save File kapena Always ask. Pa zonse zitatu kudina mabatani a Ctrl ndi J pamodzi (Ctrl+J) kumaonetsa zomwe zatsitsidwa, ndipo pomwepo pali podina kuti muone foda yomwe fayilo yagonamo. Makompyuta amene akadali pa Windows 7 anaima pa Chrome 109 ya mu January 2023, ndipo Firefox yomaliza pa iwo ndi 115 ESR. Masamba ena atsopano amakana ma browser akale chonchi, ndiye shopu yomwe imathandiza anthu ndi mafomu a pa intaneti ikufunika kompyuta imodzi, ngakhale imodzi yokha, ya Windows yatsopanoko.

Mafomu odzaza pa kompyuta ndi pomwe anthu amalira kwambiri. Munthu amadzaza mayina, mudzi, mfumu yaikulu, manambala onse, n'kusunga, koma potsegula fomu ili mbee. Pa Chrome, mukadina kamuvi ka Download mutadzaza, imafunsa ngati mukufuna "With your changes" kapena "Without your changes". Sankhani yoyambayo. Njira ina yosalephera ndi Ctrl+P, n'kusankha Save as PDF pamalo pa dzina la pulinta. Zolemba zanu zimamatirira pa pepala, kungoti simungazisinthenso, ndiye teroni pokhapokha mwawerenga kawiri. Palinso mtundu wina wa fomu wotchedwa XFA, womwe maofesi ena a kunja amagwiritsa ntchito, mwachitsanzo mafomu ena a viza ya ku Canada. Mukautsegula mu Chrome mumangoona tsamba limodzi lolembedwa kuti "Please wait...", ndipo mungadikire tsiku lonse osasintha kanthu. Firefox inayamba kuwerenga mafomu otere mu 2021, koma chodalirika ndi kutsitsa fayilo, kuidina ndi batani la kumanja la mausi, Open with, n'kusankha Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta.

Uthenga wakuti "Failed to load PDF document" nthawi zambiri sukhala vuto la browser. Yambani mwaona kukula kwa fayilo. Ngati ndi 0 KB, palibe chomwe chatsika. Ngati mndandanda wa masamba ambirimbiri ukuonetsa ma KB owerengeka chabe, kaikirani. Pa kompyuta tsegulani fayiloyo ndi Notepad muone mzere woyamba: PDF yeniyeni imayamba ndi %PDF- kutsatira nambala monga 1.4 kapena 1.7. Mukaona mawu akuti html, mwatsitsa tsamba la intaneti, mwina lolowera kapena lonena kuti fayilo palibe. Bwererani, mulowe ndi pasiwedi yanu, mutsitsenso. Dzina likamathera ndi .crdownload pa Chrome ndi Edge, kapena .part pa Firefox, kutsitsa kunadukira panjira. Ena amafufuta mawu a kumapetowo kuti patsale .pdf, koma sizithandiza, chifukwa kalozera wouza chowerengera pomwe tsamba lililonse lili amalembedwa kumapeto kwa fayilo, ndipo kumapetoko n'kumene sikunafike.

Mavuto ena awiri amaoneka ngati a netiweki pomwe sali. Foni yodzaza imalephera kutsitsa ngakhale netiweki ili bwino; fufutani mavidiyo a WhatsApp kapena uzani Chrome, mu Settings pa Downloads, kuti izisunga pa memori khadi. Kenako deti. Browser ikanena kuti "Your connection is not private" pansi pake pali mawu akuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, onani tsiku ndi nthawi pa chipangizo chanu musanaimbe mlandu tsambalo. Pa makompyuta akale a pa desiki, magetsi akathima deti imabwerera zaka zam'mbuyo chifukwa kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard katha mphamvu. Kusintha kabatireka ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi makompyuta.

Pali nkhani ina imene eni makafe ambiri saiganizira, ndipo imatidetsa nkhawa. Foda ya Downloads ya kompyuta ya shopu imadzaza ndi ma sitetimenti a ku banki, makope a ziphaso za unzika ndi makalata a kuchipatala a anthu osiyanasiyana, aliyense wokhala pampandopo atha kuwawerenga. Incognito, njira ya browser yotsegulira masamba mwachinsinsi, siithetsa zimenezi: imaiwala masamba omwe mwapitako, koma fayilo yomwe mwatsitsa imatsala mu foda. Mukamaliza kupulinta, isankheni n'kudina Shift+Delete kuti isapite mu Recycle Bin, ndipo ngati munalowa pa WhatsApp Web kapena Gmail, tulukani musanadzuke. Shopu yabwino ndi imene mwini wake amachita zimenezi inu mukuona. Samalaninso ndi fulashi. Ikalowa mu kompyuta ya vairasi, mafayilo anu amabisidwa n'kutsala timashotikati tokhala ndi kamuvi pakona, musatidine. Yatsani "File name extensions" mu File Explorer kuti muziona dzina lonse, chifukwa chinthu chotchedwa fomu.pdf.exe si PDF, ndi pulogalamu.

Pa kupulinta, ma browser onse a pa kompyuta amachita bwino, kulakwitsa kumakhala pa zosankha. Mapepala athu ndi A4, a 210 mm ndi 297 mm, pomwe mafomu ochokera ku America ndi Canada amakonzedwa pa Letter, ya 216 mm ndi 279 mm, yotambalala pang'ono. Mukapanda kusankha A4 ndi "Fit to printable area" pansi pa More settings, m'mbali mwa fomu mumaduka, nthawi zina pomwe pali bokosi losainapo. Ndipo pa mndandanda wautali wa mayeso palibe chifukwa cholipirira masamba onse. Dinani Ctrl+F, lembani dzina la sukulu kapena nambala ya mayeso ya mwana, muone nambala ya tsamba pa kabokosi ka pamwamba pa browser, n'kuilemba pa Pages posankha Custom. Tengani nambala ya pa kabokosiko, osati yosindikizidwa pansi pa pepala, chifukwa ziwirizi zimasiyana pakakhala chikuto. Ctrl+F ikapanda kupeza kanthu pomwe dzina mukuliona ndi maso, ndiye kuti PDF imeneyo ndi zithunzi za sikana, mulibe zilembo zoti kompyuta iwerenge. Tsegulani timasamba tating'ono ta m'mbali mwa sikirini, mufufuze ndi maso potsata dongosolo la mayina a sukulu.