Kutsatsa galimoto ku Joni: AutoTrader, Facebook kapena Google?

Amene munayendapo mu Jules Street, kuchokera ku Jeppestown mpaka ku Malvern, mukudziwa kuti mayadi a galimoto ndi othithikana, mpanda kugundana ndi mpanda. Kale wogula ankangotsika minibasi n'kumalowa yadi ndi yadi. Masiku ano amafika atasankha kale pa foni, ndipo ngati yadi yanu sinaoneke pamenepo, amakudutsani osakupatsani ndi moni womwe. Abale ambiri amene mwayamba bizinesiyi mumafunsa kuti ndalama yotsatsira muiponye kuti.

AutoTrader ndi Cars.co.za, mawebusaiti otsatsirapo galimoto, ndizitenge pamodzi, poti kagwiridwe kake n'kofanana. Wogulitsa amalipira kuti galimoto zake zioneke, ndipo wogula amasefa yekha: mtundu, chaka, makilomita, mtengo. Munthu amene waimba kuchokera kumeneko amakhala atatsimikiza mtima, mwinanso atayankhula kale ndi banki za ngongole. Kuipa kwake n'koti Polo Vivo yanu imaima pamzere umodzi ndi zinzake zambirimbiri, kuphatikizapo za makampani akuluakulu. Mukakweza mtengo pang'ono, aliyense akuona. Komanso mwezi ukatha bilu imabwera ndithu, mwagulitsa kapena simunagulitse. Wa galimoto zitatu zokha, kumeneku kungamuwawe.

Facebook Marketplace ndi msika wa aliyense, kuika chithunzi n'kwaulere. Mauthenga amabwera ngati mvula, koma ambiri ndi aja ongofunsa kuti "ikadalipo?" kenako zii. Ena amayamba kunenerera galimoto asanaione n'komwe. Akamberembere a malisiti abodza a kubanki nawonso amakonda komweko, choncho makiyi asachoke m'manja ndalama isanaoneke mu akaunti. Ubwino wake umaonekera pa galimoto zotsika mtengo, ndiponso kwa ife Amalawi: m'magulu athu mumapezeka wofuna Hilux yopita nayo kumudzi kudzera pa Beitbridge. Chenjezo limodzi, achimwene. Musamadzionetse ngati munthu wamba wongogulitsa galimoto yake pamene muli ndi yadi. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa wogula kwa wabizinesi miyezi 6 yodandaula galimoto ikapezeka ndi vuto, ndipo kulemba mawu oti voetstoots (kutanthauza kuti wagula momwe iliri) sikukupulumutsani.

Google ili pawiri, ndipo anthu amasokoneza. Pali Google Ads, pomwe mumalipira Google nthawi iliyonse munthu akadina malonda anu, ngakhale akhale mwana wa sukulu wongosirira BMW. Ndiye pali Google Business Profile, yomwe imaika yadi yanu pa mapu popanda kulipira. Ine mtima wanga uli pa yachiwiriyi. Eni ake a Google amanena kuti amayang'ana zitatu: ngati bizinesi ikugwirizana ndi zomwe munthu wafunsa, kufupika kwa malo, ndi kutchuka kwake. Kufupikako simungakusinthe, koma zinazo zili m'manja mwanu. Lembani adilesi ndi nthawi yotsegulira molondola, ikani zithunzi zatsopano zojambula masana galimoto itatsukidwa, ndipo aliyense wogula mumupemphe asiye ndemanga asanatuluke pageti. Wodandaula mumuyankhe mwaulemu, chifukwa owerenga yankholo ndi makasitomala a mawa.

Nanga webusaiti yanuyanu ndi za SEO, kuikonza kuti izioneka pamwamba anthu akafufuza pa Google? Zimathandiza, koma pamatenga miyezi. Wina akakulonjezani malo oyamba pa Google m'sabata ziwiri, gwirani thumba. Pa mawu otakata ngati used cars Johannesburg pamakhala kale akuluakulu aja; yadi yaing'ono imapeza mpata pa mawu opapatiza, monga Corolla Quest Malvern, galimoto iliyonse itakhala ndi tsamba lake, mtengo wake ndi batani la WhatsApp.

Mukadandipatsa yadi ya galimoto khumi lero, ndikadayamba ndi mapu ndi Facebook, n'kulipira malo amodzi okha, AutoTrader kapena Cars.co.za, kwa miyezi itatu. Aliyense woimba ndikadamufunsa kuti "mwationa pati?" n'kulemba m'kope. Google Ads ikadadikira kaye mpaka kopelo litadzaza.