Kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi belu: mmene katithandizira pa matenda a Parkinson

Bambo anga akhala akumwa levodopa wosakaniza ndi carbidopa kwa zaka 7, chiwapezereni ndi matenda a Parkinson ku Kamuzu Central Hospital. Poyamba mankhwalawa ankawagwira tsiku lonse, koma kuyambira chaka chatha mphamvu yake yakhala ikutha nthawi ya piritsi lotsatira isanakwane, moti munthu amene m'mawa amasesa pakhomo ndi kudzimangira yekha mabatani a malaya, pofika 11 koloko amakhala atauma pampando, dzanja likunjenjemera, mapazi akukana kunyamuka. Vuto limeneli ndi limene linandigulitsa kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi belu m'sitolo ina ya mankhwala ku Lilongwe, ndipo takagwiritsa ntchito miyezi isanu kwathu kuno ku Dedza.

Adokotala anatifotokozera kuti matendawa akamakula, maselo a mu ubongo opanga dopamine, chinthu chimene chimathandiza thupi kuyenda bwino, amanka nachepa, choncho ubongo sutha kusunganso mphamvu ya mankhwala monga kale. Levodopa sakhalitsanso m'magazi, chifukwa theka lake limatha pakangopita pafupifupi ola limodzi ndi theka. N'chifukwa chake kuchedwa ndi mphindi 30 zokha kumaonekera pathupi la wodwala, ndipo apa m'pamene kabokosika kandikhutiritsa. Amayi ankayendera dzuwa pofuna kudziwa nthawi yoti bambo amwe mankhwala, ndipo akakhala kudimba la mbatatesi nthawi inkawapitirira osadziwa. Tsopano belu likalira, mdzukulu wawo amathamanga ndi kapu ya madzi n'kunena kuti, “Agogo, nthawi yakwana,” ndipo mkangano woti amwa kale kapena sanamwe unatha, popeza chipinda cha m'kabokosi chopanda piritsi chimapereka umboni.

Belulo latithandizanso kusiyanitsa mankhwala ndi chakudya. Ndiwo monga nyemba, usipa, mazira ndi nyama zimalimbirana njira ndi levodopa m'matumbo, choncho tinatchera nthawi kuti bambo azimwa piritsi kutatsala mphindi 30 kuti nsima ifike pamphasa. Popeza nthawi inakhazikika, ndinayamba kulemba m'kope ola limene thupi lamasuka ndi limene laumanso, ndipo adokotala ataona kopelo anagawa mankhwala omwewo kuti azimwedwa kasanu patsiku m'malo mwa kanayi.

Kusintha kumeneko ndi kumene kunaonetsa kupelewera kwa kabokosika, chifukwa kali ndi zipinda zinayi zokha, moti piritsi lachisanu timalisunga m'kabotolo kapadera ndipo timadalira alamu ya foni. Zivindikiro zake nazonso n'zolimba kwambiri kwa munthu wonjenjemera. M'mawa wina mu June, kukuzizira monga mmene kumachitira kuno, ndinawapeza bambo akulimbana nako ndi zala zouma mpaka mapiritsi onse anamwazikira pansi, ndipo nkhope yawo inandimvetsa chisoni. Belu silimveka mvula ikamagwa pa malata, komanso timabatire take tozungulira sitipezeka m'maokala a kumudzi, mpaka munthu apite paboma.

Ogula asayembekezere zimene kabokosi sikangachite. Bambo amapotokolabe khosi ndi mapewa mosafuna mankhwala akafika pachimake, ndipo imeneyo ndi nkhani ya adokotala, amene angachepetse mlingo kapena kuwonjezera mankhwala ena monga amantadine. Sikangabweretsenso mapiritsi akasowa, pamene levodopa ndi woopsa kumusiya mwadzidzidzi, choncho ife timagula ena atatsala a milungu iwiri.

Banja limene wodwala wake wayamba kuuma nthawi ya piritsi isanakwane ndikulilimbikitsa kugula kabokosi kotere, koma lifunefune ka zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo ngati n'kotheka lipite naye wodwalayo kusitolo kuti akayese kukatsegula ndi manja ake ndalama isanaperekedwe.