Miyezi 14 ndi Nissan X-Trail: zomwe matayala awiri a kaunjika anachita ku transfer case

Galimoto yanga ndi Nissan X-Trail T31 ya 2010, ya injini ya MR20DE ya malita 2 ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT. Inachokera ku Japan, inatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, ndipo pano yatha miyezi 14 ili m'manja mwanga. Injini sinandivutitsepo. Dzinja lapitali, popita kumudzi ku Ntchisi msewu utasanduka phala, ndinkangopotoza kabatani kuchoka pa AUTO (pomwe galimoto imasankha yokha nthawi yokoka ndi mawilo onse anayi) kupita pa LOCK (pomwe anayi onse amakoka limodzi), galimoto n'kumakwera chitunda chomwe maminibasi anali atatitimira. Pamenepo ndilibe dandaulo. Chomwe chinandidyera ndalama n'kundisowetsa tulo ndi matayala.

Mwezi wachisanu ndili nayo, ndikuchokera ku Blantyre madzulo, ndinagwera m'dzenje pafupi ndi Ntcheu ndipo tayala lakumbuyo linang'ambika m'mbali. Linzake linali litatha kale mano, choncho m'mawa mwake ndinapita kukagula awiri a kaunjika. Galimotoyi imavala 215/65R16. Mnyamata wa pamalopo analibe saiziyo, koma anagubuduza matayala awiri a 215/70R16 ooneka ngati atsopano. "Bwana, limu ndi yomweyo, 16," anatero akumenya tayalalo ndi chikhatho. "Awa ndi otalikirako pang'ono, m'maenje muzidutsa bwino." Ndinavomera, chifukwa nanenso ndinkaganiza kuti chofunika n'chakuti tayala lilowe pa limu basi.

Nambala yapakatiyo, 65 kapena 70, ndi imene imanena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi mulifupi mwake. Tayala la 215/65R16 likaimirira limatalika pafupifupi mamilimita 686, pamene la 215/70R16 limafika 707. Ndi maso simungaone kusiyana kwenikweni. Koma pa kilomita imodzi laling'onolo limazungulira maulendo 464, lalikululo 450. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 310 wa Lilongwe kukafika ku Blantyre, ndiye kuti mawilo akutsogolo azungulira maulendo oposa 4,000 kuposa akumbuyo.

Pa galimoto yokoka ndi mawilo awiri okha izi sizikanavuta kwambiri. X-Trail ndi ina. Mphamvu imachoka ku giyabokosi, ina n'kukhotera mu transfer case, kabokosi kakang'ono ka magiya komangidwa pambali pa giyabokosiyo, kenako imadutsa mu shafiti yaitali kupita kumbuyo. Kutsogolo kwa difu yakumbuyo (magiya ogawa mphamvu ku mawilo awiri akumbuyo) kuli klatchi yoyendera magetsi, ndipo ili pa AUTO kompyuta imaigwiritsa ikaona kuti mawilo akutsogolo akuzungulira msanga kuposa akumbuyo, poganiza kuti akuterera. Matayala anga aja ankainamiza kompyutayo tsiku lonse kuti ndili m'matope, chonsecho ndili pa tala wouma wa M1. Klatchi inkagwira, mawilo n'kumakokanakokana, ndipo nkhondo yonseyo inkathera m'magiya a transfer case.

Galimoto inandiuza ndithu. Patatha masiku ochepa, kanyali ka 4WD (kukoka ndi mawilo anayi) pa dashibodi kanayamba kuphethira pang'onopang'ono ndikayenda mtunda wautali. Ndikazimitsa injini n'kulizanso kankasiya, ndiye ndinkangoti ndi vuto la mawaya. Buku lomwe linabwera ndi galimoto ndi la Chijapani. Nditapeza la Chingerezi pa intaneti, patapita miyezi itatu yathunthu, ndinawerenga kuti kanyaliko kakamaphethira mofulumira ndiye kuti zinthu zatentha ndipo uyenera kuima, koma kakamaphethira pang'onopang'ono ndiye kuti mawilo akutsogolo ndi akumbuyo akusiyana kwambiri kazunguliridwe, uone matayala. Nthawi imeneyo n'kuti pansi pa galimoto patayamba kale kulira kokhala ngati mphepo yolowa pa zenera, kokula pamodzi ndi liwiro, komanso ndikakhota kwambiri poimika galimoto kumbuyo kunkanjenjemera.

Makaniko yemwe anandithandiza ndi bambo wachikulire wa mu Lilongwe muno. Asanagwire sipanala, anatenga choko, n'kulemba mzere pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo pomwe akhudza pansi, n'kulembanso pa simenti. Tinakankha galimoto mpaka tayala lililonse litazungulira kamodzi, iwo n'kuyeza ndi tepi. Lakumbuyo linali litayenda masentimita pafupifupi 7 kuposa lakutsogolo. "Achimwene, mwaona? Galimoto iyi yakhala ikudzikoka yokha," anatero.

Kenako analowa m'dzenje. Anayamba n'kumasula bawuti yothirira oyilo asanakhudze yokhetsera, akuti ukakhetsa kaye kenako yothirirayo n'kukana kumasuka, galimoto yagona pomwepo. Oyilo yemwe anatuluka anali wakuda bii, wonunkha chopserera, ndipo atamuika pa chala n'kulozetsa kudzuwa munkanyezimira tizitsulo tosalala ngati ufa. Anali wochepanso. Transfer case imeneyi imalowa oyilo wosakwana n'komwe theka la lita, ndipo ili pafupi ndi paipi ya utsi, choncho akachepa pang'ono kapena akakalamba, palibe china chotetezera magiya. Apa sindinganamizire matayala okha. Pa maulendo onse omwe ndinapititsa galimotoyi ku sevisi, ankasintha oyilo wa injini ndi mafyuluta, koma palibe anatchulapo za kabokosika, ndipo maonekedwe a oyiloyo ankasonyeza kuti ndi wa kalekale. Zimandiwawa kuti chinthu chofuna oyilo wochepa chonchi chimasiyidwa mpaka chife, pamene kugula china ndi ndalama zoti munthu ungalipire fizi ya mwana.

Tinathira oyilo wa magiya wa GL-5 80W-90, yemwe Nissan imalamula pa transfer case ndi difu yakumbuyo, osati wa CVT. Tinasintha silo imodzi (kalabala kotsekera oyilo) yomwe inkachucha, tinasinthanso oyilo wa difu. Ndinagula matayala anayi atsopano a 215/65R16 a mtundu umodzi, chifukwa ngakhale nambala zifanane, tayala latsopano ndi lakutha sakhala ofanana kukula, ndiponso makampani osiyana sapanga ndendende mofanana. Awiri a kaunjika aja ndinagulitsa kwa mnzanga wa pikapu.

Papita miyezi 6 tsopano. Kanyali sikanaphethirenso, kunjenjemera pokhota kunatheratu. Kulira kuja kunachepa kwambiri koma sikunathe, ndimakumvabe pang'ono ndikafika pa 80, ndipo bambo aja akuti magiya anadyekako ndithu. Masiku ano ndimayeza mpweya Loweruka lililonse, ndimasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa sevisi kuti azitha mofanana, ndipo LOCK ndimaigwiritsa m'matope ndi mumchenga mokha. Mvula yoyamba isanagwe ndibwereranso kwa bambo aja kuti tikakhetse oyilo wa transfer case, tione ngati mukutulukabe tizitsulo.