Mpeni wa mabawuti wa baketi ya thirakitala: ndi wabwino, koma kumanga kwake kumafuna chidwi

Kwa amene amakokolola mchenga, miyala kapena manyowa pa simenti, mpeni womangirira ndi mabawuti pansi pa mlomo wa baketi, wakuthwa mbali zonse ziwiri, wa chitsulo cholimba ngati Hardox 500 ndi woyenera ndalama zake. Umatha m'malo mwa mlomo wa baketi, ndipo mbali imodzi ikadyeka mumangoutembenuza. Wa mamita 2, mamilimita 150 m'lifupi ndi 16 kukhuthala, umalemera pafupifupi makilogalamu 35, choncho pomanga pakhale anthu awiri. Baketinso itsamire pa mitengo yolimba, chifukwa hayidiroliki imatha kutsika yokha manja ali pansi.

Chovuta chachikulu ndi mabowo. Mabaketi ambiri a mathirakitala a kumunda amabwera osabowola. Mubowole mlomo wa baketi, osati mpeni, poti chitsulo cha mpeniwo chimapsereza drill wamba. Panani mpeniwo pansi pa mlomo ndi makilampu, lembani mabowo kudzera m'mabowo a mpeniwo, kenako bowolani ndi drill ya maginito.

Mabawuti akhale a plow bolt a giredi 8, aja a mutu wafulati ndi khosi la ngodya zinayi. Mutu umalowa pansi, nati pamwamba m'kati mwa baketi. Bawuti wamba mutu wake umatuluka, ndipo nthaka imaupala mpaka mpeni kulendewera. Palani dzimbiri, dothi ndi penti pamene zitsulozi zikhudzane, apo ayi zikanyenyeka mabawuti amakhwefuka, mabowo n'kuyamba kukula. Mangani kuyambira pakati kupita m'mbali: mabawuti a 5/8 inchi pafupifupi 270 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), a 3/4 inchi pafupifupi 475 Nm. Menyani mitu ndi hamala kuti ikhazikike, mumangitsenso. Tsiku loyamba la ntchito likatha, bwerezani ndi sipanala.

Ambiri amachedwa kuutembenuza. Yang'anani m'makona, ndimo mumayamba kudyeka. Mukadikira mpaka kudyekako kufike pa mabowo, mbali yachiwiri sigwiranso bwino ndipo mlomo wa baketi umakhala utayamba kutha. Potembenuza ikani mabawuti atsopano. Akale amakhala atadyeka mitu.

Pa dothi louma gwa mpeniwu sulowa, pamenepo pamafunika mano a baketi. Suwongolanso mlomo wopindika: mukaumanga potero umasiya mpata, ndipo mabawuti amaduka. Yambani mwawongola mlomowo.