DJI Mini 4 Pro: imadziteteza bwino, koma ndege siyiona

Kadroni aka, kamene kanatuluka mu 2023, ndi kabwino pojambula ukwati, munda kapena nyumba yomwe ikumangidwa. Kamalemera mosafika magalamu 249 ndipo kamakwana m'kachikwama. Pabokosi analemba kuti batire limakhala mphindi 34, koma kukakhala mphepo muziyembekezera zochepa kuposa pamenepo. Batire lalikulu la Plus limakhalitsa, koma limakapitiriza magalamu 250, malire amene mayiko ambiri amayambira kukhwimitsa malamulo.

Maso ake ozemba zinthu amaona mbali zonse, ndipo pakhoma kapena pamtengo wa mango amagwira ntchito. Mawaya amagetsi ndi nthambi zouma nthawi zambiri sawaona. Kukada amafooka, ndipo mukaika pa Sport, kauluke kaliwiro kwambiri, amazimiratu.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi ichi: kalibe AirSense, chipangizo cha madroni akuluakulu a DJI cholandira uthenga wa ADS-B, umene ndege zimatumiza wonena pomwe zili, ndi kuchenjeza kuti ndege ikubwera. Woyendetsa ndege nayenso sangaone kanthu kakang'ono chonchi. Ndiye maso ndi makutu ndi anu basi.

Mu DJI Fly, apu yoyendetsera kadroni aka, malire okwera amabwera ali pa mamita 120, koma mutha kuwakweza mpaka 500. Musawakweze. Ndege zazing'ono ndi ma helikopita zimaloledwa kutsika mpaka pafupifupi mamita 150 kumalo opanda nyumba zambiri, choncho mpata wotsala ndi mamita 30 okha. Komanso nambala ya pa sikirini imawerengedwa kuyambira pomwe mwanyamukira. Mukaulutsira pamwamba pa phiri la Zomba n'kulowera kuchigwa, sikirini ikhoza kuonetsa mamita 50 pamene droni ili mamita mazanamazana kuchokera pansi.

Pafupi ndi bwalo la ndege, ngakhale 120 siyoteteza. Ndege imatera motsetsereka madigiri atatu, kutanthauza kuti ikatsala ndi makilomita awiri imakhala pa mamita ongopitirira 100. Amene ali ku Lumbadzi kapena ku Chileka aganizire zimenezi. Ku South Africa lamulo limaletsa kuulutsa mkati mwa makilomita 10 kuchokera pabwalo. Ku bwalo la ndege la Gatwick ku England, mu Disembala 2018, malipoti a droni anasokoneza maulendo pafupifupi 1,000. Mapu a mu apu musawadalire okha: mu Januwale 2025 DJI inasiya kutsekera madroni ake m'malo oletsedwa ku America, n'kusiya chenjezo chabe. Chilolezo chimachokera ku bungwe la boma loona za ndege, osati pafoni.

Musananyamuke, dikirani GPS ilembe malo obwerera, ikani msinkhu wobwerera woposa mtengo wautali wapafupi, ndipo talikirani malata ndi galimoto chifukwa chitsulo chimasokoneza kampasi. Kadroni aka kamapirira mphepo ya mamita 10.7 pa sekondi. Mwera wa kunyanja mu Juni ndi Julaye ukakula umaposa pamenepo, ndipo droni yopita ndi mphepo imalephera kubwerera. Yambani ulendo moyang'anizana ndi mphepo, kuti pobwera ikukankheni batire litatsika.