Ku Mua, kumene mpingo umasunga zigoba za Gule Wamkulu

Munthu woyenda pa msewu wa M5 akafika dera la Mtakataka m'boma la Dedza, amapatuka kuloza kumapiri kumene kuli Mishoni ya Mua, imene ansembe a chipani cha White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Pamalo pomwepa pali Kungoni Centre of Culture and Art, imene Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada wodziwikanso ndi mfunda wa Chisale, anaiyambitsa mu 1976. Mlendo amapezapo amisiri osema ziboliboli, malo ogulitsirako ntchito za manja awo ndiponso malo ogona a Namalikhate, koma chimene chinandikoka ine ndi nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare.

Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu. China chimafotokoza mbiri ya mishoni, china chimaonetsa miyambo ya Angoni ndi Ayao, ndipo zonsezi nzokonzedwa mwaluso. Chipinda cha Achewa ndicho chimamuimitsa munthu nthawi yaitali, pakuti muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo woperekeza alendo amalongosola mwambo umene chilombo chilichonse chimaphunzitsa pamaliro, pachinamwali kapena polonga ufumu. Amene anakulira m'banja la Chikhristu amadziwa kuti kale ansembe ndi akudambwe sankamwerana madzi: mwana wopita kudambwe ankasiya sukulu ya mishoni, ndipo Mkhristu wogula njira ankamuletsa kulandira masakramenti. Anyau nawonso sanangokhala chete, anasema zigoba za Maliya ndi Simoni wankhope yofiira monyogodola chipembedzo chobweracho. Kupeza zigoba zimenezi zitasungidwa mwaulemu pabwalo la tchalitchi chomwecho ndi chinthu chimene agogo athu sakanachikhulupirira.

Komabe wopitako adziwe kuti chigoba chopachikidwa pakhoma si gule ayi. Palibe ng'oma, palibe fumbi la pabwalo, palibe amayi oyimba ndi kuwomba m'manja, ndipo kwa Mchewa wa kumudzi chilombo ndi mzimu wa makolo wochokera kumanda, osati chinthu choyang'anitsitsa masana. Funso loti zinsinsi za dambwe zionetsedwe mpaka pati kwa osavinidwa ndi lolemera, ndipo oyenera kuliyankha ndi mafumu ndi eni mzinda, ngakhale kuti bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linalemekeza guleyu mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Chimene ndikuyamikira ku Mua n'chakuti miyamboyi saifotokoza monyoza kapena ngati zachikunja zimene zinatha kale.

Ndikulangiza aphunzitsi, akatekisiti ndi abusa a mipingo ina ogwira ntchito kumidzi kuti apatule tsiku lathunthu lokacheza ku Mua, asathamange m'chipinda cha Achewa, ndipo afunse chilolezo asanajambule chithunzi chilichonse.